Dambo silifuna phuma

Tchuthi chikayandikira, ambirife maganizo amathamangira kunyanja. Ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay, komwe kuli mchenga, kanyenya ndi nyimbo mpaka mbandakucha. Ukauza anzako kuti chaka chino ndikapumira kudambo, amakuyang'ana ngati mutu wako sukuyenda bwino. Dambo kwathu kuno ndi malo a dimba, a matope ndi udzudzu, malo omwe timangowamva pawailesi madzi akasefukira. Ndi ochepa amene amaliwerengera pa malo okacheza.

Ine ndikuti pitani mukaone. Koma nkhani yanga lero yagona pa chomwe mukakwere mukafika pagombe, chifukwa anthu awiri atha kulowa m'dambo limodzi tsiku limodzi, wina n'kubwerako ataona zodabwitsa, mnzake n'kubwerako ndi mutu wopweteka komanso zithunzi za bango lokhalokha. Kusiyana kwake kumachokera pa bwato, kuchuluka kwa anthu okweramo ndiponso liwiro lake.

Dambo lomwe ndikulidziwa bwino ndi Elephant Marsh, lomwe lili m'chigwa cha Shire, mbali ina m'boma la Chikwawa, ina m'boma la Nsanje. Mtsinje wa Shire ukatsika mathithi a Kapichira n'kudutsa pa Kamuzu Bridge, umafika pamalo athyathyathya pomwe umasiya kuthamanga n'kumwazikana m'timitsinje, m'mathamanda ndi m'zisumbu za udzu woyandama, mpaka kukafika kufupi ndi Chiromo komwe Ruo amathira. Mu 2017 dambo limeneli lidalembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar, lomwe maiko adasainirana ku Iran mu 1971 pofuna kuteteza madambo ofunika padziko lonse. Gawo lomwe lidalembedwa ndi mahekitala opitirira 61,000. Lidakhala lachiwiri m'dziko muno, kutsatira Nyanja ya Chilwa. Kukula kwake kwenikweni kumasintha ndi nyengo: m'chilimwe limanyala, anthu n'kudzala chimanga, mbatata ndi nyemba m'mphepete, mvula ikachuluka limafutukuka n'kumeza minda yomweyo.

Dzinalo lisakunamizeni, njovu kulibeko. David Livingstone ndiye adalitcha choncho atadutsako mu 1859, ndipo adalemba kuti adaona njovu pafupifupi 800. Alenje a minyanga adazimaliza patangopita zaka makumi ochepa. Zomwe zatsala ndi mvuu, ng'ona, nsomba, mbalame zosawerengeka, komanso anthu ambirimbiri omwe moyo wawo wonse udalira madziwo.

Pa mbiri ya Livingstone yomweyo pali kanthu kena kamene kamandiseketsa. Mkuluyu adabwera ndi sitima yoyendera nthunzi yotchedwa Ma Robert, yomwe inkadya nkhuni koopsa uku ikuyenda mofooka, mpaka anzake adaipatsa dzina lachipongwe lotanthauza wodwala mphumu. Itatha imeneyo adabweretsa Pioneer mu 1861, koma inali yozama kwambiri poyerekeza ndi madzi a Shire, moti inkangotitimira pamchenga, ulendo wina kwa masabata angapo. Nthawi yonseyo Amang'anja ankangodutsa pambali ndi mabwato awo osema, osavutika. Papita zaka zoposa 160, koma mtsinjewo sudasinthe khalidwe: chachikulu ndi cholemera chimavutika pomwe chaching'ono chikudutsa.

Ndidakwerako boti lalikulu la injini pamtsinje wina, tili anthu oposa makumi awiri, ndi chimkuzamawu chikulira kumbuyo. Sindinena kuti sitidasangalale. Tidavina, tidamwa zoziziritsa kukhosi, tidajambulana. Koma mbalame zonse tinkaziona zikuthawa, kutsogolo kutali, ngati timadontho. Woyendetsa akaloza kanthu, anthu onse ankakhamukira mbali imodzi, boti n'kupendekeka, amayi n'kukuwa, kanthu kaja n'kumira. Amene anali kumbuyo ankangofunsa kuti, "Chinali chiyani?" Tidabwerera pagombe patangotha ola limodzi, chifukwa mwini boti ankawerengera mafuta.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mwini botiyo sindimuimba mlandu. Mafuta masiku ano ndi okwera mtengo, nthawi zina amachita kugonera pamzere kuti apezeke. Munthu amene injini yake ikumwa petulo sangaime theka la ola kudikira kuti kambalame katuluke m'bango. Kuti apeze phindu ayenera kudzaza anthu, kuthamanga, kubwerako n'kutenga gulu lina. Wopalasa bwato ndi nkhafi kapena wokankha ndi mtengo wautali alibe phuma loterolo. Kuima kwa iye n'kupuma, ndiye mukamupempha kuti tiime apa pang'ono, amavomera ndi mtima wonse.

Ku Elephant Marsh tidapita anthu anayi: ine, mayi a kunyumba, mlamu wanga ndi mnzathu wina wokonda mbalame yemwe adabweretsa magalasi oonera patali. Kuchokera ku Blantyre umatsika zitunda za Chikwawa pamsewu wa M1, uku ukuona Shire ali nyezinyezi kumunsi, kenaka pa Thabwa n'kukhotera kumanzere kulowa msewu wa East Bank. M'midzi ya m'mphepete mwa dambo, monga cha ku Mchacha James, mumapezeka asodzi omwe amatenga alendo. Kumeneko kulibe ofesi, kulibe risiti. Mumakambirana pansi pa mtengo.

Tidapeza bambo wina wachikulire, wakuda bii ndi dzuwa, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chisena. Ndidamufunsa kuti bwato lake limatenga anthu angati.

"Kuwoloka nawo, ndimatenga ambiri, bwana. Koma inu mukufuna kuwoloka kapena kuona?"

"Kuona, bambo."

"Ndiye anayi omwewa basi. Wachisanu ndine, wachisanu ndi chimodzi ndi mnyamata wangayu wokapa madzi."

Tidagwirizana mtengo wa bwato lonse kwa m'mawa wonse, osati mtengo wa munthu mmodzimmodzi. Ichi ndikuchinena motsindika kwa aliyense wofuna ulendo wotere. Mukalipira pamutu, mwamuuza mwini bwato kuti mutu uliwonse woonjezera ndi ndalama, ndipo musadabwe akaitana ena atatu omwe amadikira pagombe ndi njinga zawo ndi matumba a chimanga. Mukalipira bwato lonse, m'thumba mumapweteka pang'ono, koma mukagawana anayi zimapepuka, ndipo bwatolo limakhala lanu kufikira nthawi yomwe mwapangana. Kambiranani zonse muli pamtunda: maola angati, mukafika pati, mubwerera nthawi yanji. Pakati pa madzi sipokambirana mtengo.

Tidanyamuka dzuwa lisanatuluke. Chinthu choyamba chomwe chidandigwira mtima ndi bata. Mumzinda tidaiwala kuti kuli bata lotere. Umangomva mtengo uja ukulowa m'madzi, madontho akugwa, bwato likukhula masamba. Kenaka makutu amatseguka, n'kuyamba kumva kuti batalo ladzaza ndi mawu: achule, tizilombo, nkhwazi ikulira kutali mutu itagadamika, mvuu ikudzuma kuseri kwa gumbwa.

Tidalowa m'kanjira kamadzi kopapatiza moti bango linkatikwapula m'mapewa mbali zonse ziwiri. Boti la injini silingalowe mmenemo. Ngakhale litalowa, namasupuni angakole chopukusira madzi chake pasanathe mphindi zisanu. Namasupuniyu, wa maluwa okongola obiriwira mofiirira, ndi mlendo wochokera ku South America, ndipo wavutitsa kwambiri mu Shire, mpaka kumalo opangira magetsi. Bamboyo ankangomukankhira pambali ndi mtengo wake ngati akutsegula chitseko.

Kutuluka m'kanjirako tidafika pathamanda lalikulu lodzaza ndi masamba a nyika, maluwa ake akungoyamba kutseguka. Pamwamba pa masambawo pankayenda timbalame tofiirira ta zala zitalizitali, tomwe Azungu amati jacana, tikuponda tsamba ili ndi ilo osamira. Mnzathu wa magalasi uja adatiuza kuti pa mbalame zimenezi yaimuna ndiyo imafungatira mazira ndi kulera ana, ndipo pakagwa zoopsa imawanyamula m'mapiko, timiyendo tawo tili lendelende. Mayi a kunyumba adati mbalame imeneyo ikanabwera kudzachititsa msonkhano wa abambo kumpingo kwathu. Tidaseka chapansipansi, poti bamboyo anali atatichenjeza kale za phokoso.

Tidakhala pamenepo mwina mphindi makumi atatu, osasuntha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'dambo mawuwa amaoneka ndi maso. Poyamba umaona ngati palibe kanthu. Ukakhala chete, chomwe unkayesa chitsa chimatambasula khosi, kukhala chimbalame chachitali ngati mwana wa sukulu, chodikira nsomba. Akakowa oyera amatera pafupi. Atsekwe amadutsa pamwamba. Nantchengwa amayenda m'matope akuvundula ndi phazi. Kambalame kowala ngati mkanda kamagwera m'madzi kuti chubwi, n'kutuluka ndi kansomba kukamwa. Zonsezi zidalipo kale pomwe tinkafika. Zinkangodikira kuti tisiye kukhala oopsa.

Pali mbalame ina yomwe ndikufuna muidziwe chifukwa imakhudza nkhani ya liwiro. Pachingerezi amati African skimmer. Ndi yakuda pamsana, yoyera kumimba, mlomo wofiira, ndipo mlomo wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Imauluka chapansipansi ikung'amba madzi ndi mlomo wam'munsiwo mpaka utagunda nsomba. Imaikira mazira pamchenga wa pakati pa mtsinje madzi akaphwa, popanda chisa chenicheni, kadzenje chabe. Boti la liwiro likadutsa pafupi, funde lomwe limasiya limakwera pamchengapo n'kukokolola mazira kapena anapiye. Okwera m'botimo sadziwa n'komwe. Iwo amakhala akuimika manja kuti vidiyo ituluke bwino pa Facebook. Funde lomwelo limagumula magombe, limasokoneza miono ndi maukonde a asodzi, ndipo limatha kugubuduza bwato la mayi amene akuchokera kudimba.

Tsono za nyika zija. Ine ndinkayamikira maluwa, ndipo ndidauza bamboyo kuti malo ano ndi okongola zedi. Iye adayang'ana thamandalo kwa kanthawi.

"Chaka chino aliko ambiri chifukwa anthu adakolola. Chaka cha njala simungawapeze chonchi. Timazula zonse."

Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amadziwa zomwe ankanena. Njala ikavuta, anthu amamira m'madzi momwemo, momwe muli ng'ona, kukazula mizu ya nyika kuti akaphike kapena kusinja. Ena sabwerako. Duwa lomwe mlendo amalijambula, mwini dera amaliona ngati nkhokwe ya tsiku loipa. Mawu amenewo sindikanawamva pa boti la anthu makumi awiri. Amatuluka pokhapokha pamene mwakhala nthawi yaitali limodzi, mwagawana mtedza ndi madzi akumwa, ndipo wopalasayo waona kuti mukumvetsera.

Adatiuzanso zambiri. Adatilozera pomwe padali mudzi madzi a mu January 2015 asanabwere, ndi pomwe mtsinje udatsegula njira yatsopano. Adatchula Idai wa 2019, Ana wa 2022 ndi Freddy wa 2023 ngati mmene munthu amatchulira achibale ovuta omwe amabwera osaitanidwa. Adadandaula kuti mchenga wochokera kumapiri komwe mitengo idatha ukukwirira mathamanda, ndipo milamba yomwe amagwira lero ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya nthawi ya bambo ake. Madzi saiwala khwawa, adatero, koma anthu ndi amene amaiwala n'kumanga pomwe madzi adadutsapo kale. Sadaphunzire za chilengedwe m'kalasi, koma dambo lonselo lili m'mutu mwake ngati mapu.

Ndisakunamizeni kuti bwato laling'ono lilibe zoopsa. Zilipo, ndipo wina aliyense wokhala m'chigwa cha Shire angakuuzeni. Mu May 2023, ku Nsanje, mvuu idagubuduza bwato lomwe lidanyamula anthu 37 powoloka Shire. Mwana wa chaka chimodzi adapezeka atamwalira tsiku lomwelo, ndipo anthu 23 adasowa. Anthu amenewo sankapita kokacheza, ankapita kuminda, ndipo adadzazana chifukwa njira ina yowolokera padalibe. Ife opita kotchuthi tili ndi mwayi womwe iwo adalibe, mwayi wosankha. Tingathe kukana bwato lodzaza, tingathe kukana bwato long'aluka, tingathe kudikira mawa ngati kuli mphepo.

Mvuu ndiyo nyama yoopsa kwambiri m'madzi amenewa, kuposa ng'ona kwa munthu amene ali m'bwato. Imatha kukhala pansi pa madzi mphindi zisanu, ndipo yaikazi yokhala ndi mwana siseka ndi munthu. Bambo wathu uja ankadziwa thamanda lililonse lomwe mumakhala mvuu. Tikayandikira, ankagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, go go go, n'kudikira. Posakhalitsa mitu inkatuluka, makutu akupukusa madzi. Akaziwerenga n'kukhutira kuti zonse zaoneka, ankadutsa patali, chakumadzi osaya, kuzisiyira kozama komwe zimathawira zikadzidzimuka. Mlamu wanga adapempha kuti tiyandikire pang'ono kuti ajambule bwino.

"Ayi, achimwene. Chithunzi mukachiona kunyumba, koma kunyumbako muyenera mukafike kaye."

Wopalasa wokana pempho la mlendo wolipira ndiye woyenera kumukwera. Amene amavomera chilichonse kuti akusangalatseni, muopeni. Ndipo musanakwere liyang'aneni bwatolo. Bwato losema pamtengo umodzi ndi lokongola, koma limagwedezeka, ndipo kwa munthu wosazolowera, la matabwa lotakasuka pansi ndi labwinopo. Majekete oyandamitsa pamadzi m'midzimu sapezekapezeka, ndiye ngati mungathe kubwereka kapena kugula, nyamulani anu. Manyazi oti asodzi akusekani ndi aang'ono poyerekeza ndi kuya kwa Shire. Dzanja lisalowe m'madzi, ngakhale kutenthe bwanji. Kupatula ng'ona, madzi odekha otere ndi kwawo kwa likodzo.

Kodi ndiye kuti injini ndi yoipa paliponse? Ayi. Kumtunda kwa mtsinje womwewu, ku Liwonde National Park, komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, Shire ndi wotakasuka, mvuu n'zochuluka, ndipo njovu zimatsikira kumadzi. Kumeneko boti lolimba la injini ndilo loyenera, makamaka ngati muli ndi ana aang'ono kapena agogo. Koma ngakhale kumeneko funsani mafunso omwewa. Tikwera angati? Ulendo ndi wa maola angati? Kodi woyendetsa amazimitsa injini tikafika pa nyama? Boti la anthu asanu ndi mmodzi lomwe limazima n'kumangoyandama ndi madzi limakupatsani pafupifupi zonse zomwe ndafotokozazi. Ku Nyanja ya Chilwa nakonso, pochokera pa Kachulu kupita kuchilumba cha Chisi, mutha kusankha pakati pa boti lodzaza la aulendo ndi bwato lanulanu lodutsa m'mabango pang'onopang'ono.

Pali chinanso chomwe chimandikankhira ku bwato la m'mudzi, ndicho komwe ndalama imapita. Timakonda kunena kuti ntchito zokopa alendo zitukule dziko, koma kawirikawiri ndalama ya mlendo imathera pahotela ndi pamafuta, anthu okhala pafupi ndi malowo n'kumangoona fumbi la galimoto. Ndalama yomwe tidapereka tsiku lija idalowa m'manja mwa munthu yemwe mbalame ndi mvuu zija ndi anansi ake. Anthu a m'dambo amavutika ndi mvuu zodya mbewu ndi ng'ona zogwira abale awo, ndipo ena amatchera mbalame kuti apeze ndiwo. N'kovuta kuuza munthu wotero kuti asamale zachilengedwe pomwe iye sapindulapo kanthu. Akaona kuti alendo amalipira kuti aone mbalame yamoyo, nkhaniyo imayamba kumveka mwina. Sindikunena kuti anthu anayi angapulumutse dambo la mahekitala 61,000. Ndikungoti ndalama yanga ndidaiona komwe yapita.

Kumbukiraninso kuti mukulowa kuntchito kwa eni ake. Msodzi amene akuvuula miono yake, mayi amene akuchapa, mnyamata wodula bango la mphasa, si zinthu zoonetsa alendo. Perekani moni, funsani musanajambule. Pa bwato laling'ono zimenezi zimachitika zokha, chifukwa mumadutsana pafupi moti kungokhala chete kungakhale mwano. Ife tidaima kangapo kuti bamboyo afunse anzake za komwe mvuu zagona lero, ndipo nkhani zimenezo n'zomwe zinkatitsogolera njira.

Za nyengo, miyezi ya May mpaka August ndiyo yabwino: mvula yatha, misewu ya East Bank yauma, ndipo kutentha n'kopiririka. Mu October ndi November chigwa cha Shire chimasanduka ng'anjo, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'bwato mulibe mthunzi. Nthawi ya dzinja ndiye musayerekeze n'komwe. Mwezi uliwonse womwe mungapite, nyamukani m'mamawa, valani chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo tengani madzi akumwa ochuluka kuposa omwe mukuganiza kuti mufuna.

Udzudzu wa kumeneko si wamasewera. Pafupi ndi Chiromo ndi pomwe adaikidwa m'manda Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri woyamba wa mishoni ya UMCA yomwe idakhazikika ku Magomero. Mu January 1862 bwato lomwe adakwera lidagubuduzika usiku, mankhwala ake a malungo n'kumira, ndipo pa 31 mwezi womwewo adamwalira pachilumba china pomwe Ruo amakumana ndi Shire. Lero mankhwala amapezeka m'zipatala, koma gonani m'neti, dzolani mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo thupi likatentha mutabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo.

Tidabwerera pagombe dzuwa litayamba kuluma, cha m'ma 11 koloko, miyendo itachita dzanzi chifukwa chokhala malo amodzi. Mnzathu wa magalasi anali atadzaza masamba awiri a kabuku kake ndi maina a mbalame, ndipo theka lina la tsamba adalembapo maina a Chisena omwe bamboyo ankamuuza. Pagombepo amayi anali atayala milamba yowamba, yakuda ndi utsi, ndipo tidagula yokwanira ife ndi anansi athu a ku Blantyre. Galimoto idanunkha nsomba sabata yathunthu.